Mmene Ndinagwetsera Mphwanga Pabwalo la Ragibi

Anzanga, lero ndisekeni ndithu, chifukwa nanenso ndayamba kudziseka, ngakhale kuti sabata yoyamba ija sindinkafuna n'komwe kudziyang'ana pagalasi.

Mlongo wanga Esinati ali ndi mnyamata, dzina lake Limbani, wazaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anabwera kuno ku Perth, ku Australia, akuyamwa, ndiye Chichewa amamva bwinobwino koma poyankha ndi Chizungu chotulukira m'mphuno. Mwanayu amasewera ragibi ligi, masewero aja a mpira wonga dzira amene anthu akuluakulu amagundana ngati nkhunzi. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, mayi ake ndi amene avutika naye. Masana mnyamatayu amanyamula matabwa ku Malaga, dera lina la mzinda uno, madzulo n'kuthamangira kokonzekera masewero, thupi lonse zipsera. Tsono Loweruka lina kunkabwera azibambo awiri ochokera ku timu yaikulu ya kum'mawa kwa dziko lino kudzamuona. Akawasangalatsa amutenga, ragibi isanduka ntchito yake. Akalephera, basi, ndi matabwa omwewo.

Nanga ine malume wake, mwini mbumba, ndikanakhala bwanji kunyumba? Ndinasinthana tsiku ndi mnzanga wa ku Zambia kumsika wa Canning Vale komwe ndimanyamula mabokosi a ndiwo zamasamba, ndinasita shati, nsapato n'kupolisha. Limbani atamva anangoti, "Ankolo, mubwere, koma chonde mudzangoonera." Zinandiwawa pang'ono. Ine munthu woti ndinasewerapo nambala faifi ku Kawale zaka zinayi, andiuze kaoneredwe ka mpira? Ragibi ndinali ndisanaonerepo, inde, koma mpira ndi mpira, ndinatero mumtima.

Tinafika masana dzuwa likuswa mtengo. Bwalo lake silinali lalikulu, kampanda kozungulira kongolekeza m'chiuno. Ndinakhala pambali pa Esinati mwaulemu wonse, miyendo yopingasa. Ulemu umenewo unatha mphindi zitatu.

Masewero atangoyamba ndinaona anyamata athu akuthamangira kutsogolo koma mpira akuponyerana chambuyo. Koyamba ndinati mwina ndi mantha. Kachiwiri ndinaimirira. "Kutsogolo, inu! Golo ili uko!" Ndinakuwa m'Chichewa, kenako m'Chizungu kuti onse apindule. Mkulu wina wachizungu wa chipewa chachikulu anandikoka shati n'kundinong'oneza kuti m'masewero amenewa kuponya mpira kutsogolo ndi mlandu. Ndinamuthokoza, ndinakhala pansi, koma mumtima ndinkati awa ndi malamulo a anthu osafuna kupita patsogolo.

Posakhalitsa Limbani analandira mpira, ndipo zimphona zitatu zinamugwera nthawi imodzi, wina m'miyendo, wina pachifuwa, wachitatu anangodzigonera pamwamba. Oimbira ali pomwepo, akungoyang'ana! Magazi anga anawira. Mwana wa mlongo wanga akuphedwa masanasana, munthu wa wezulo ali chilili? Ndinamuuza mawu oimbirayo, ena mwa mawuwo sindingawabwereze pano poti ndine mkulu wa mpingo. Esinati ananditsina pantchafu.

"Achimwene, mukundichititsa manyazi. Ndi mmene amasewerera. Taonani wadzuka kale."

Ndipo zoona, mwana anali atadzuka, akupalasa mpira ndi phazi kupatsira mnzake wakumbuyo ngati palibe chachitika.

Nthawi yopuma Esinati analakwitsa chinthu chimodzi: anandilozera azibambo awiri aja, atakhala paokha ndi timabuku tawo. Inu mukudziwa kuti kwathu munthu akafuna mwana wa eni amayamba waonana ndi malume. Nanga alendo abwere mtunda wonsewo, malume ali pomwepo, osawalonjera? Ndinapita. Ndinawapatsa moni wa manja awiri, n'kuwauza kuti mwini wake wa mnyamata wovala nambala 3 ndine, chilichonse chokhudza iyeyo ayambe aona ine. Ndinawafotokozeranso kuti mphamvu zimenezo ndi za kuchikazi, kwa bambo ake anali anthu owonda. Anandimvetsera mwaulemu, mmodzi n'kumwetulira, kenako anabwerera ku timabuku tawo. Nditabwerera pampando Esinati anali ataphimba nkhope ndi chitenje.

"Mwakawauza chiyani?"

"Za m'banja basi."

"Ambuye, tichitireni chifundo. Pitani mukaime kwina, mtima wanga sungapirire."

Ndinachoka monyada, n'kukaima kuseri kwa mitengo iwiri ya golo, pakampanda penipeni. Kumeneko n'kumene satana ankandidikirira.

Kutatsala mphindi zochepa timu yathu inali kumbuyo ndi mapointi awiri. Mpira unafika kwa Limbani ali pakati pa bwalo. Anthu inu, mwana uja anathamanga! Woyamba anamuzemba, wachiwiri anamukankha ndi dzanja mpaka kukhala pansi, wachitatu anangogwira mphepo. Ankabwera molunjika kumene ndinaima ine, bwalo lonse likukuwa dzina lake, ine misozi ili chuchuchu, ndikukumbukira malemu bambo ake. Kenako anadutsa mzere woyera uja chakumbali.

Tsono apa mundimvetse. Mpira umene ndimaudziwa ine, ukangodutsa mzere ndi chigoli, nkhani yatha. Ndipo ku Kawale chigoli chikalowa palibe amene amatsala kunja, tonse timakhamukira m'bwalo kukanyamula wogoletsa. Palibe anandiuza kuti mu ragibi kudutsa mzere si kanthu mpaka wosewera atagunditsa mpira pansi ndi dzanja lake. Palibenso anandiuza kuti Limbani ankakhotera pakati pa mitengo ija dala, kuti mnzake womenya mpira wa mapointi owonjezera pambuyo pake asavutike. Ine ndinangoona mphwanga wagoletsa, ndipo akuthamangira kwa malume ake.

Kampanda kaja sindikudziwa kuti ndinakadumpha bwanji, ine munthu woti masitepe a basi ndimakwera mobuula. Ndinatambasula manja, ndikukuwa "Mwana wa kwathu!" Iye maso anali kumbuyo kuyang'ana adani. Tinakumana chifuwa ndi chifuwa, manja anga anamuzinga m'chiuno, tonse awiri khu! Mpira unathawa m'manja mwake n'kugubuduka kutuluka kunja.

Bwalo lonse linangoti zii. Ine ndili pansi ndikusekabe, ndikumusisita mutu. Limbani anandiyang'ana, ndipo nkhope imeneyo sindidzaiwala. Sanakalipe. Anangoti, "Ankolo, ndinali ndisanauike pansi."

Oimbira anakambirana ndi anzake a mbendera kwa kanthawi, kenako anapukusa mutu. Palibe chigoli. Alonda awiri ananditulutsa atandigwira uku ndi uku, nsapato imodzi itatsalira m'bwalo, shati ili ndi udzu, anthu akundijambula ndi mafoni. Ndili poimika magalimoto ndinamva wezulo yomaliza. Tinaluza ndi mapointi awiri omwe aja.

Kunena zoona, pamenepo ndinalira. Ndinakhala pansi pambali pa tayala la galimoto ya Esinati n'kulira ngati mwana, chifukwa ndinadziwa kuti zaka zonse zimene mnyamata uja anavutika ndazitaya ine ndi manja anga awiri. Tinakwera galimoto kubwerera kunyumba. Bola Esinati akanandinyoza, koma anangoyatsa wailesi.

Lamlungu sindinapite kutchalitchi. Lolemba kumsika ndinapeza kanema wa m'mafoni aja wafika kale, mnzanga wa ku Zambia akuonetsa aliyense. "Mudala, mwamugwira bwino mwana uja! Simunaganizeko zosewera imwe?" Ndinangonyamula bokosi la kabichi n'kuchoka. Lachiwiri foni ya Limbani zii. Lachitatu zii. Ndinamulembera uthenga wopepesa kasanu, kasanu konse ndinafufuta.

Lachinayi madzulo ndikuweruka ndinamupeza ataima pageti, akadali ndi zovala za kumatabwa.

"Azibambo aja andiimbira," anatero, nkhope ili gwa.

"Limbani, mwana wa mlongo wanga, ndikhululukire. Ndipatse nambala yawo ndiwafotokozere kuti wolakwa ndine."

"Ayi, Ankolo, chonde, inu musawaimbire." Apa m'pamene anayamba kuseka. "Anditenga. Ndinyamuka mwezi wamawa."

Ndinafuna kumukumbatira, koma iye anabwerera m'mbuyo masitepe awiri, ndipo sindimuimba mlandu.

"Nanga za mpira uja sananene kanthu?"

"Anena. Akuti liwiro analiona, mphamvu anaziona, koma ndiphunzire chinthu chimodzi: ndikadutsa mzere ndiziika mpira pansi nthawi yomweyo, ndisamadikire achibale." Anapukuta misozi ya kuseka. "Afunsanso zaka zanu. Akuti masewero onse aja palibe amene anandigwetsa mwaluso ngati inu."

Ndiye anzanga, ndalumbira pamaso pa mlongo wanga. Limbani akadzasewera masewero ake oyamba kum'mawa kuja, tikiti ya ndege musandigulire, ngakhale nditakupemphani chogwada. Ndidzaonera pa TV m'chipinda changa, chitseko chokiya, kiyi ali m'chikwama cha Esinati.