Mtedza wa apongozi

Tcha! Tcha! Tcha! Mpaka lero ndikamva mtedza ukulira m'lichero, nkhope yanga imatentha.

Ndili ndi vuto la maso limene adokotala ku Lilongwe anati ndi keratokonasi. Khungu loonekera la kutsogolo kwa diso linapyapyala n'kusongoka ngati nsonga ya dzira, moti munthu mmodzi ndinkamuona ngati atatu. Anandithira madontho n'kundiwalitsa ndi kanyali kuti kusongokako kuime. Kenako anandipatsa timagalasi tolimba tovala padiso penipeni, tating'ono ngati mamba a nsomba. Lamulo linali limodzi: "Achimwene, osatikita maso."

Sindinauze munthu, kupatula Esinati, mtsikana amene ndinkamufunsira. Agogo amene anandilera ankati mwana wamasiye asamaonetse pong'ambika pagulu (iwo ankanena kabudula, ine ndinawonjezerapo maso).

Loweruka lina ndinapita kwawo kwa Esinati ku Chiosya. Ndinapeza amayi ake akupeta mtedza ndi anzawo awiri. Ndinakhala chammbali, pafupi ndi mkeka wa mtedza wopetapeta, mwaulemu wa mkamwini wa mawa. Mphepo inatembenuka. Fumbi lonse m'diso langa.

Ndinatikita.

Kagalasi ka kumanzere kanathothoka. Kupeza kena n'kudikira miyezi, ndipo popanda iko telala ngati ine sangalowetse ulusi m'singano. Ndinagwada n'kuyamba kupapasa mumtedzamo.

"Alendo, mwataya chiyani?" anafunsa mmodzi wa anzawo aja.

"Ayi mayi, ndingothandizako kusankha woola."

Amayi a Esinati anandibweretsera beseni. Ndinasankha, diso limodzi nditatsinzina, mphuno ili pamkeka. Mulu utatha anandikhuthulira thumba lina.

"Koma Esinati watola mwamuna," anatero mayi wondifunsa uja. "Ena amabwera ndi foni, awa abwera ndi manja."

"Amachita kununkhiza!" anayankha mnzawo. "Woola sungawathawe awa."

Thumba lachitatu linandipeza mawondo atachita dzanzi, dzuwa litapendeka. Kangapo konse ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, koma mawu ankabwerera okha (matenda amenewa ndiye alibe madontho, ndidakali nawo).

Nditatola njere yomaliza, amayi a Esinati anabwera n'kugwada chapambali, nkhope atalozetsa kwina monga amachitira apongozi.

"Bambo, za maso anuzo mwana anatiuza kalekale. Kanthu kanuko ndinakaona kakunyezimira m'mphepete mwa mkeka pamene ndinkabweretsa beseni lija."

"Nanga bwanji simuna..."

"Timadikira kuti mufunse. Poti simunafunse, tinati mtedzawo uthe kaye. Pano tikakhala pachibale, chikatayika timanena."

Anandiikira m'manja kachitsekerero ka botolo, kagalasi kanga kali m'kati. Kenako ananyamula lichero lawo n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, mapewa akugwedera.