Chitenje cha Chipani pa Chiboliboli cha Mwana Wanga

Mpaka lero ndikakwera minibasi pa Kamwendo, sipalephera wina wondifunsa kuti, "Mayi, nsalu ija mwatenga?" Ine ndimangoyang'ana kuwindo. Anthu a kuno saiwala msanga, makamaka zamanyazi za anzawo.

Mwana wanga Yohane amasema ziboliboli. (Ndinamutumiza kokaphunzira ukalipentala kuti azikhoma zitseko, koma iye anasankha kumasema anthu osapuma.) Iye ndi anzake ojambula anabwereka holo yakale pa Boma kuti azionetseramo ntchito zawo. Tsiku lotsegulira chionetsero anaitana a Khansala, poti ndi iwo amene akanagamula ngati anawo apitirize kugwiritsa ntchito holoyo, kapena ibwerere kukhala mosungira matumba a feteleza.

"Amayi, mubwere, pali chimene ndakukonzerani," anatero Yohane. "Koma chonde musakagwire kanthu."

Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ine wakumubereka, lero azindiuza zosagwira zinthu ngati mwana wokwawa?

Ndinatengana ndi a Nabanda, akazi a mkulu wa mpingo wathu, kuti akadzionere okha kuti mwana wanga si lova. Kulakwa kunayambira pamenepo.

Zojambula za pakhoma zinali zabwinobwino: mathiraki ali pamzere pa boda, amayi akusoka fodya m'chigafa, wakabaza atanyamula mbuzi. A Nabanda ankavomereza ndi mutu, ine mtima uli m'malo. Kenaka tinafika pakati pa holo. Apo panali chiboliboli chachikulu cha mtengo wa m'bawa, mzimayi atagwada, atafukata khanda lokulungidwa bwinobwino, koma iye mwini kumtundaku ali mbulanda, mabere pamtetete. Pansi pake dzina la Yohane, ndi zilembo zoti ngakhale wa maso ofooka awerenge.

A Nabanda anatsonya. "Ndiye luso lakelo ndi limeneli? Abusa akadzamva..." Sanamalize, ndipo sanafunikenso kumaliza.

Nthawi yomweyo panja panamveka nthungululu, a Khansala afika, anthu onse khamukhamu kukawalandira. Ndinati mwayi sufika kawiri. Ndinapisa m'chikwama, n'kutulutsa nsalu imene ndimafunda m'minibasi poopa fumbi, n'kumuveka mzimayi uja kuyambira m'khwapa. Kumbuyo ndinamanga mfundo yanga ya ku esiteti, ija tinkamangira mitolo ya fodya, imene simasuka ngakhale ngolo igubuduzike.

Nditabwerera m'mbuyo kuti ndione ntchito yanga, m'pamene ndinaiona bwino nsaluyo. Chinali chitenje cha chipani, chija anatigawira nthawi ya kampeni. Nkhope ya mtsogoleri wa chipani chotsutsana ndi cha a Khansala inali itakhala ndendende pachifuwa pa chiboliboli, ikumwetulira mano onse panja. (Ine ndale sindizitsata. Nsalu ndi nsalu, kunyumba ndili nazo za zipani zonse.) Ndisanatambasule n'komwe dzanja, gulu linali litalowa, Yohane patsogolo akufotokoza monyadira.

A Khansala anaima. Anayang'ana nkhope ija, nkhope ija n'kumawasekerera.

"Kodi mwandiitanira zaluso, kapena msonkhano wa anzathu aja?" anafunsa motsitsa mawu, akutembenukira kukhomo.

Yohane analumphira kumbuyo kwa chiboliboli. Anayesa mfundo ija ndi zikhadabo, anayesa ndi mano, koma ayi ndithu. Anzake ankangoyang'anizana, poona holo yawo ikubwerera kwa feteleza iwo akuona.

"Wachita zimenezi ndani?" anafunsa mtsikana wina wojambula, misozi ili m'maso.

A Nabanda, omwe aja anayambitsa zonse ndi kutsonya kwawo, anandiloza ndi mlomo.

Ndinapita kukamasula ndekha, poti mfundoyo imamvera mwini wake. Koma manyazi akandigwira ine ndimakalipa, ndiye ndinamutembenukira Yohane pamaso pa onse. "Iwe, ungaimike mzimayi wosavala pamaso pa akuluakulu? Ndi wa kwa yani ameneyu, wopanda mwamboyu?"

"Ndinu, amayi," anayankha Yohane.

Kenaka analoza dzanja la chiboliboli.

"Taonani chala chakumanzerecho."

Ndinayang'ana. Chala chamkombaphala chinali chodukira kunsonga, ngati changachi chimene chikwanje chinadya. Ndipo khanda lija silinakulungidwe m'chitenje chokha. M'mphepete munkaoneka kolala ya bulauzi ndi timabatani tiwiri.

Apa m'pamene ndinakumbukira. Tili matenanti pa esiteti, Yohane ali wakhanda, anadwala m'nyengo yozizira ya Juni, bulangete tilibe. Ndinavula chitenje ndi bulauzi yomwe n'kumukulunga. Nkhani imeneyi ndinkamukalipira nayo nthawi zonse akandipsetsa mtima: "Ndinakuvulira malaya iwe!" Ine ndinkayesa imalowera khutu lino n'kutulukira linalo. Osadziwa kuti mwana ankaisunga kuti adzaiseme.

Yohane anafotokozera anthu nkhaniyo, ine nditaima pamenepo ndi mtsogoleri wa chipani m'manja, osadziwa pomuika. Ndinkafuna kulira, ndinkafunanso kumukoka khutu mwana ameneyu chifukwa chosandiuziratu.

Pomaliza a Khansala anati, "Mayi, abwana anuwo alowe m'chikwama. Holoyi ana apitirize." Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo a Nabanda ndiwo anayambitsa nthungululu, ngati si iwo.

Chibolibolicho chikadali pomwepo, ndipo alendo ochokera ku Chipata amajambulitsa nacho. Yohane akuti ndaphunzirapo kusagwira zinthu za eni. Mwina. Koma mzimayi amene uja ndikumudziwa ine, ndipo ndikudziwa mmene ankanjenjemerera. Juni akubwera, holo ija ndi ya simenti. Chitenje chopanda nkhope ya munthu ndagula kale.