Jekete la Ada

Lolemba
Ndafika ku Chintheche. Ntchito ya sabata ino: kujambula pafoni Ada, bambo anga, akuyankhula Chitonga, kuti mwana wanga Tamanda, wobadwira ku Lilongwe, adzawamve akadzakula. Ada ayamba kuiwala. Mwezi watha anandiitana ndi dzina la malemu mng'ono wawo.
Zofunika kujambula:
– mayina a mphepo za panyanja
– nyimbo zokokera khoka
– mmene amakalipira abakha
Ndawafotokozera Ama, mayi anga, zimene ndinaphunzira ku yunivesite, za ziyankhulo zimene zikufa. Akuti Chitonga chili bwinobwino, lomwe lafa ndi lilime langa. Mwina akunena zoona. Izinso ndikulemba m'Chichewa.

Lachiwiri
Ndawauza Ada kuti tiyambe. Alowa m'nyumba. Atuluka atavala jekete, tayi, nsapato zopolishidwa. Kutentha konseku! Ndadina batani. Atsokomola, awongola msana, ayamba m'Chingelezi! Athokoza omvera onse, athokoza amishoni amene anawaphunzitsa. Ndawachonderera kuti ayankhule Chitonga. Akuti: "Munthu sayankhula pamakina ngati akuviika chinangwa."
Chitonga chojambulidwa lero: "Yewu." Mawu amodzi othokoza, kumapeto.

Lachitatu
Nzeru zatsopano. Ndabisa foni m'dengu pakhonde, pomwe Ada amasokera ukonde. Ayankhula m'mawa wonse, Chitonga chenicheni, chija chothamanga ngati bwato lotsetsereka pafunde.
Zomwe zamveka nditamvetsera:
– abakha
– Ama akupepeta
– Ama akuthira chinangwa m'dengu lomwelo
Kenako zii.
Komanso ndikuchita manyazi. Kuba mawu a bambo ako, ndi sayansi imeneyo?

Lachinayi
Mbiri yamveka. Abwera akulu a mpingo atatu, anzawo a Ada, onse m'majekete. Mmodzi wachokera ku Kande pa njinga, tayi akuuluka. Apanga komiti! Asankha wapampando. Akambirana kufunika kosunga Chitonga mpaka dzuwa kupendeka, m'Chingelezi chokhachokha. Mfundo yomwe agwirizana: ana amasiku ano ndi otayika. Onse ayang'ana ine.
Nditazimitsa foni, avula majekete, ayamba kukangana za yemwe anamiza bwato la mnzake kalekale. Chitonga chokhachokha, mpaka Ama misozi ndi kuseka. Ndatambasula dzanja kuti ndiyatsenso. Wapampando wandiona, watola jekete.

Lachisanu
Tamanda wayimba foni. Ndamupatsa agogo ake, ndikunong'oneza: "Ada, m'Chitonga." Agwedeza mutu kuvomera. Kenako: "Muli bwanji, amayi? Sukulu ikuyenda?" Chichewa chofewa, chosamala, ngati akuyenda pamiyala yoterera.
Ndawafunsa chifukwa. Akuti: "Mwana wandiyimbira kuchokera kutali, ndimuzunze?"
Inenso ndinkachita chimodzimodzi Tamanda ali khanda, kuti asadzavutike kusukulu. M'mabuku timati chiyankhulo chimaphedwa ndi chinzake champhamvu. Kwathu kuno palibe amene akuchipha. Tikungochitirana chifundo.

Loweruka
Kunyanja mamawa, poti kumeneko jekete silifika. Ada aimirira pamchenga, akuloza madzi, akutchula mphepo imodzi ndi imodzi. Mwera wafika pomwepo kudzadzitchula wokha. M'foni muli fuuu basi!
Choipa si chimenecho. Pakati pa kutchula aima. Pali kamphepo kena kochokera kumapiri usiku, dzina lake lawathawa. Ayang'ana ine kuti ndiwathandize. Ine wa digiri. Sindikulidziwa, sindinalimvepo.
Akuti: "Libwera." Tabwerera kunyumba. Silinabwere.

Lamulungu
Kutchalitchi, kenako kondowole ndi usipa. Mawa ndibwerera ku Lilongwe.
Zomwe ndapeza:
– Chingelezi cha Ada, chambiri
– komiti
– abakha
Madzulo Ada akhala pakhonde ndi malaya ong'ambika paphewa, ayamba nkhani ya amayi awo, mmene ankayanikira usipa. Ndikumva theka, mwina kuposerapo pang'ono. Ndayankha m'Chitonga changa chopunduka. Aseka mpaka kutsokomola, andikonza, andibwerezetsa ngati mwana wa Sitandade 1. Ndabwereza. Ndalakwitsanso.
Kenako akumbukira: "Makina ako aja ali kuti? Ndikavale?"
Foni ili m'thumba, batire lodzaza. Ndati lafa.
Akuti: "Pepa, mwana wanga. Basi tizingocheza."