Chala Changa pa Kobiri la Alamu

Amene ali ndi mtima wokhulupirira akhale pansi, amene alibe apitirire ulendo, chifukwa ndikufuna kukuuzani kuti ine ndinafukizapo ndalama ndi utsi wa fodya mpaka zinasintha mtundu ngati birimankhwe. Mukuseka? Kafunseni alamu anga a Mwale ku Mvera, kungoti dzina langa musalitchule musanapatsidwe mpando.

Alamu angawo ndi achimwene a mkazi wanga, mphunzitsi wopuma, munthu woti ngakhale popita kudimba amapisira malaya. Ali ndi makobiri atatu asiliva amene anasiya malemu apongozi anga, omwe ankaphika pa mishoni kalelo. Si makobiri ogulira mchere ayi. Anapangidwa mwapadera kuti azingosungidwa, osalala ngati kalilole, ukasuzumira umaona ndevu zako zonse. Lililonse limakhala m'kachigoba kake ka pulasitiki: lina lojambulidwa tambala, lina njovu, lina nsomba. Ndipo banja lonse linkadziwa kuti makobiriwo ndi a Mphatso, mwana wamkazi wa alamu, adzamupatsa pa chinkhoswe chake kuti azikumbukira agogo ake.

Ndiye chaka chatha, mvula ili mkati, alamu anapita ku Lilongwe kukachotsa ng'ala m'maso. Poopa kusiya makobiri m'nyumba yopanda munthu, anabwera nawo kwathu kuno kumapiri.

"Alamu, zinthu ziwiri zokha," anatero akundipatsa kabokosi. "Pakhale pouma, ndipo musatsegule."

"Aa, alamu, ine ndimasunga fodya chaka ndi chaka osaola, ndilephere timakobiri titatu?"

Mkazi wanga, make Tadala, anati tiike m'sutikesi pansi pa zitenje. Koma denga la kuchipinda kwathu limadontha, komanso ine ndine munthu woganiza. Mawu oti "musatsegule" aja anayamba kundiyabwa m'zala. Ndinadzifunsa kuti kodi chinthu chingakhale bwanji m'pulasitiki osapuma? Mlimi aliyense akudziwa, chimanga ukachitsekera m'jumbo chimachita thukuta, kenako chuku. Mtedza chimodzimodzi. Nanga siliva ndi ndani kuti asaole? Ndinaona kuti alamu sukulu anapita nayo patali inde, koma za kasungidwe ka zinthu ndikuyenera kuwathandiza.

Ndinatenga kampeni, tizigoba tonse nkutsegula. La nsomba lija ndinalidinda ndi chala chachikulu, kungofuna kumva ngati limazizira ngati galasi. Ndinali nditangochoka kosoka fodya, manja ali utomoni ndi thukuta. Ndinayang'anitsitsa, panalibe kanthu, linali mbee ngati kale.

Tsono malo ouma kuposa onse pakhomo pa mlimi wa fodya wa chikopa ndi pati? M'balani, momwe timafukizira masamba utsi. Muja simulowa chinyontho, chiswe sichiyandikira, ngakhale wakuba amatuluka akutsokomola. Ndinakulunga makobiri aja m'nyuzipepala, nkumanga ndi mphira ya chubu cha njinga, nkutsomeka pamtengo wa kudenga, pamene utsi umasonkhana bwino. Ndinatuluka ndikudziyamikira ndekha kuti koma mutu uwu ukanapitirira sitandade folo, bwenzi pano ndili ku ofesi.

Alamu anachedwa, poti anawachita diso limodzi, kudikira lipole, kenako linalo. Fodya anauma, tinamanga mabelo, ine nkuiwaliratu. Ndinadzidzimuka make Tadala atandiuza kuti achimwene akubwera ndipo chinkhoswe chayandikira. Ndinathamangira m'balani. Mphira inali itamatirira, pepala litafiira ngati chikopa cha ng'oma. Kutsegula chonchi, mayo ine!

La tambala lija, m'mphepete linali ngati tiyi wopanda mkaka, mkati pang'ono ngati biringanya, pakati penipeni buluu wa pamutu pa nkhanga. Ndikuuzeni zoona, mantha ndinawaiwala kaye. Ndinakhala padzuwa nkumalitembenuza uku ndi uku, mitundu ikusuntha ngati ili ndi moyo. Ndimvetseni anzanga: utsi ndi wakuda, mphira ndi yakuda, nyuzipepala ndi yakuda ndi yoyera. Nanga buluu walowera pati? Ndinalinunkhiza. Ndinalikanda ndi udzu kuti mwina ndi penti, ayi, mtunduwo unali wa m'thupi mwake. La njovu ndiye linali bii, ngati kunsi kwa mphika wa nyemba. Koma la nsomba, abale, linali lofiirira lonse, ndipo pakati pake panali chala changa, mizere yonse yaonekera bwinobwino, ngati chadikirira miyezi yonseyi kuti chindiperekere umboni.

Apa mantha anabwerera. Ndinati palibe chitsulo chimene chimakana phulusa. Ndinayamba ndi njovu, poti ndi imene inada kwambiri. Phulusa linakanika. Ndinafinyira ndimu, kunayamba kuyera pang'ono. Ndinawonjeza mchenga wa kumtsinje, kenako waya wotsukira mapoto, nkukwecha ndi mtima wonse. Linayera inde, koma kalilole uja anathawa. Kusuzumira, ndevu zanga osaoneka, ndipo njovu inali ngati yagona m'khola la amphaka.

Ndikutambasula dzanja kuti nditenge tambala, ndinangomva mawu a make Tadala kumbuyo.

"Bambo a Tadala, mukutsuka chiyani kuseri kwa khola ngati mwaba?"

"Palibe, ndikungoyesa waya wanuyu ngati akadali wakuthwa."

Anasuzumira, nkugwira pamutu. "Makobiri a bambo anga! Mwawayesa mapoto? Bweretsani kuno, musanaphe ndi enawo!"

Anandilanda, nkuwabwezera onse m'tizigoba tawo. Ine chiyembekezo changa chinatsala chimodzi: alamu saona bwino. Inde, mwamva bwino, ndinaiwala chimene anapitira ku Lilongwe. Tsiku lobwera, munthu anatulukira pamsewu wopanda magalasi, akadali uko kumtengo wa mango nkukuwa kuti, "Alamu, batani la malaya anu latsala pang'ono kuthothoka!"

Atakhala pakhonde anatsegula kabokosi. Loyamba kutuluka linali la tambala. Analipendeketsa padzuwa nthawi yaitali monga ndinkachitira ine.

"Alamu, izi zachitika bwanji?"

"Zokha, alamu. Ine ndinangodzuka zili choncho."

"Kukongola kwake! Mukudziwa kuti pali anthu osunga makobiri amene amafunafuna mtundu ngati uwu, osaupeza?"

Imvani, chifuwa changa chinakula pomwepo. "Kunena zoona, alamu, si zokha kwenikweni. Ndi luso la m'balani." Ndinaulula zonse, za utsi, za mphira, za nyuzipepala, kusiyako za mchenga. Kenako ndinafunsa chimene chinkandisowetsa mtendere, kuti buluu uja wachokera kuti.

Mphunzitsi ndi mphunzitsi, ukamufunsa funso amaiwala kukwiya. Anandiuza kuti mu utsi, mu mphira ndi m'mapepala ena mumatuluka kampweya, kachibale ka fungo lija la dzira loola. Kampweyako kakakhudza siliva, pamwamba pake pamamera kakhungu kopyapyala kwambiri. Kakadali kochepa kamaoneka chikasu, kakakula pang'ono kamapita ku biringanya ndi buluu, monga amachitira mafuta a galimoto pachithaphwi, ndipo kakanenepa zedi kamada. Kobiri likamapezako chinyontho ndi kutentha, zimafulumira.

"Nchifukwa chake timatsekera, kutali ndi khitchini, kutali ndi utsi," anatero. "Siliva sapuma, alamu. Si chimanga. Koma lamulo lalikulu ndi ili: likasintha mtundu, lisiyeni. Osatsuka. Ukatsuka, wapha."

Amanena zimenezi dzanja lawo likutulutsa njovu.

Anaitembenuza uku ndi uku, nkundiyang'ana.

"Iyi ndi njovu kapena nkhumba yowaula?"

"Makoswe, alamu. M'balani muja avuta."

Anatsegula kachigoba nkununkhiza. "Makoswe a kuno amatsukira ndimu?"

Ndisanayankhe anali atatulutsa la nsomba. Ndinayesa mwayi wotsiriza, ndinati mwina ndi chala cha malemu apongozi, changoonekera mochedwa.

"Bambo anga analibe chipsera cha chikwanje," anatero make Tadala ali pakhomo. "Chala icho ndi chimene chimadinda ku kalabu ya fetereza chaka chilichonse. Ndimachidziwa kuposa nkhope ya mwini wake."

Alamu anandipempha dzanja mwaulemu, ine nkulitulutsa m'thumba pang'onopang'ono. Anayang'ana chala, anayang'ana kobiri, ndi maso awo atsopano aja.

"Chichoka koma?" ndinafunsa.

"Thukuta la chala limadya siliva. Inu mudzapita, chala chidzatsala."

Kuyambira pamenepo ndinalumbira. Mukandisungitsa mbuzi ndisunga, thumba la soya ndisunga, koma chinthu chikangokhala chonyezimira, ndiika manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu pa asembule, mukachisungitse kwa abusa.

Makobiri onse atatu anaperekedwabe kwa Mphatso pa chinkhoswe. Alamu anaimirira nkufotokoza nkhani yonse, anthu anaomba m'manja, amayi analulutira, a kuchimuna anandipempha kuti ndikawafukizire masipuni awo, ndipo Mphatso anandigwadira nati, "Amalume, mwandikongoletsera chuma cha agogo."

Chabwino, musandiyang'ane choncho. Utsi ndi woona, ndimu ndi woona, chala chilipo mpaka lero. Koma za m'manja, nthungululu ndi masipuni zija ndapeka. Mwana ataona njovu ya agogo ake anagwetsa misozi, nkufunsa kuti ndili kuti, ndipo anamuuza zoona: ndinali kuseri kwa nyumba, ndikutsuka matumbo a mbuzi, ntchito yokhayo yotsuka imene make Tadala anandiloleza.