Makina Anu Agona pa Matiresi, Bwana

Kwa Bwana Mkulu,
Ofesi Yoyeza Zivomerezi.

Olemekezeka Bwana,

Ndagwada pansi polemba kalatayi, ngakhale kuti masiku ano pansipo sindikupakhulupirira kwenikweni. Ine ndine telala wamba, mayi uja amasokera pakhonde la sitolo ya zitsulo, moyang'anizana ndi geti lanu. Simungandidziwe. Galimoto yanu ikamatuluka magalasi amakhala otseka, ndiye moni wanga amalandira ndi fumbi.

Ndalemba kuti ndithokoze, poti ife osaphunzirafe kuthokoza timaiwala.

Choyamba, zikomo potiphunzitsa. Tsiku lija munadula riboni ya makina oyezera chivomerezi, ndinasiya ntchito kudzakumverani. Munati miyala ikaterereka pansi pa nthaka, mphamvu yake imayenda ngati mafunde. Oyamba ndi aliwiro, amakankha ngati wina wagogoda kunsi kwa mpando. Achiwiri amafika mochedwerapo, kugwedeza uku ndi uku. Otsiriza amayenda chapamwamba, ndipo ndi omwe amakonda kugwetsa nyumba. Munatinso, uku mukuponda pansi ndi nsapato yanu yonyezimira ija, makinawo amayenera kukhala pa thanthwe kapena pa simenti yolimba, kuti nthaka ikangotsokomola iwo amve. Tinawomba m'manja mpaka zikhatho kutentha.

Chachiwiri, zikomo potidzutsa kutulo. Loweruka lapitali masana, ndikusoka thalauza la kasitomala, ndinamva kuti gu! kunsi kwa chopondera cha makina. Ndisanamalize kutukwana lole yomwe sinali kudutsa, makina anga osokera anayamba kuvina, mapaipi m'sitolo kugubuduka, mwini sitolo ndi mimba yake kutulukira pakhomo ndi liwiro lomwe sitinkadziwa kuti ali nalo. Zonse zinabwera mwa ndondomeko yanu ija, oyamba, achiwiri, otsiriza, moti pakati pa manthawo ndinakunyadirani. Koma madzulo wailesi inawerenga uthenga wanu wakuti makina sanamve chivomerezi chilichonse, anthu asiye kufalitsa mphekesera. Ndinachita manyazi, Bwana. Tauni yathunthu kulota loto limodzi dzuwa likuswa mtengo, wogulitsa makala mpaka kuthyoka mwendo m'maloto momwemo!

Chachitatu, zikomo polera bwino katundu wa boma. Nditaona kuti maloto anga sakutha, ndinabwera kuofesi kwanu kudzapepesa kwa makinawo. Inu munali ku msonkhano wokambirana za kukhala tcheru. Mlembi wanu, mtsikana waulemu kwambiri, anandilowetsa kuti ndikaone ndekha. Chipinda chapansi chija, chomwe munathira simenti yapadera, ndinapeza muli matsache ndi mipando yothyoka. Makina anakwezedwa pantchito. Ali m'chipinda chanu chapamwamba, agona pa matiresi awiri, afunditsidwa nsalu yoluka, pambali pake pali maluwa apulasitiki.

Mlembiyo anandifotokozera monyadira kuti kumayambiriro makinawo ankavuta. Lole ikadutsa, mzere pa kompyuta unkangolumphalumpha, belu n'kumalira pakati pa misonkhano. Ndiye inu, ndi mtima wanu wachifundo, munaona kuti katundu wodula chotere sangamagone pozizira n'kumagwedezeka tsiku lonse, angawonongeke. Chikhalire pa matiresi, akuti sanavutenso. Anandionetsa mzere wa Loweruka lija. Panali kachitunda kakang'ono, ndipo akatswiri anu atakhala pansi anagwirizana kuti ndi mlonda anamenyetsa chitseko. Ndamva kuti mlondayo mwamuchenjeza, ndipo mwachita bwino. Munthu wotseka chitseko mpaka kugwetsa mpanda wa kuchipatala ndi woopsa.

Ine ndabereka ana, Bwana, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamulera mwa mtundu umenewo.

Tsopano ndifike pa kadandaulo kanga, kakang'ono ngati mwini wake. Mwana wanga wotsiriza timamutchula Kabatani chifukwa cha kuchepa msinkhu, ndipo chifukwa cha kuchepa komweko aphunzitsi anamuika pa desiki yakutsogolo. Loweruka lija khoma la kalasi yake linang'aluka kuyambira pamwamba pa chitseko, kudutsa pa bolodi, mpaka kukalowa mu mtanda wa simenti womwe wanyamula denga. Mng'aluwo mwana amapisamo dzanja n'kupatsa moni anzake a kalasi inayo. Mtandawo uli pamutu penipeni pa desiki ya Kabatani, ndipo ukuyoyoka mchenga.

Aphunzitsi aakulu anatseka kalasiyo n'kupempha amisiri. Akuluakulu a zamaphunziro anayankha kuti amisiri achangu amatumizidwa pokhapokha pakagwa ngozi, ndipo wonena kuti kwagwa chivomerezi ndi inu nokha. Poti inu mwati sichinabwere, mng'aluwo akuti ndi wakale, ungopakidwa laimu. Alamula kuti Lolemba likudzali ana abwerere m'kalasi.

Apa nthabwala zandithera, Bwana. Ndikuopa. Ndinu nomwe munatiuza tsiku la riboni kuti chivomerezi chachikulu chikadutsa, tina ting'onoting'ono timatsatira pambuyo, kudzamalizitsa zomwe chachikulu chinasiya zili lende. Dzulo mwanayu wandifunsa ngati angavale chipewa cholimba cha bambo ake, chija amavala pa njinga yamoto, akamalemba masamu. Ndinamuseka kuti asaone nkhope yanga, kenako ndinatembenukira ku makina n'kusoka mkono wa malaya ku khosi.

Sindikupemphani kuti mubweze mawu anu. Ndikudziwa kuti mawu a munthu wamkulu akatuluka pa wailesi, yoyenera kupepesa ndi nthaka. Ndangoika m'phukusili thalauza lomwe ndinkasoka Loweruka lija, poti mwini wake walikana. Mukaona msoko wa mwendo wakumanzere, wayamba mowongoka, kenako walumpha, kenako wayenda njira ya munthu woledzera mpaka kumapazi. Pepani kuti makina anga ndi achikale, amaima pa simenti popanda matiresi, ndiye amangomva zilizonse. Akatswiri anu akaliunike, mwina apezamo mlonda wina.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndalipempha manja ali kumbuyo. Tisinthane malo. Lolemba ana abwere adzaphunzirire m'chipinda chanu, pa matiresi paja, pomwe chivomerezi sichifika. Makina anu apite akakhale pansi m'kalasi muja, akayambeko ntchito yomwe anabwerera.

Koma mukaona kuti makinawo ndi odula kwambiri moti sangakhale kunsi kwa mtanda umene uja, ndikumvetsani. Si mwana wa telala kuti angoikidwa paliponse. Zikatero bwerani mudzakhalepo ndinu, kuyambira belu loyamba mpaka belu lowerukira. Desikiyo ndi yakutsogolo, yoyenera munthu wolemekezeka. Mchenga ndaupukuta, ndipo ndakusokerani kapilo, poti ndaona kuti kwanuko mumakonda pofewa. Chipewa cha bambo ake musavutike kubwereka. Palibe choopsa, munanena nokha pa wailesi.

Ine wanu wogwedezeka popanda chilolezo,

Mayi a Kabatani,
Telala wa pakhonde, kutsidya kwa geti lanu.