Pomwe Kandege Kanabwerera

Lolemba

Sabata ino kandege ndi kanga! Chabwino, si kanga, ndi ka a Mbewe, oyeza malo amene bungwe lathu lawaitana kuchokera ku Blantyre kuti ajambule mitsinje yotsika m'phiri la Michesi. Mulibe woyendetsa. Kukula kwake ngati nkhanga yotambasula mapiko, kamera ili pamimba. Andilonjeza ulendo umodzi Loweruka, chifukwa Lamulungu akubwerera kwawo.

Ndikufuna kakajambule pakhwawa pomwe panali nyumba yathu. Chaka chimene napolo anatsika, mng'ono wanga Lusiya anali yekha m'nyumbamo. Sitinamupeze. Amayi ankakwerako chaka ndi chaka kukakhala pamiyala, koma tsopano mawondo akana. Akuti angoonako basi, ngakhale papepala.

Vuto n'lakuti kandegeka sikaona phiri. Umayenera kukauziratu kuti apa nthaka yakwera chonchi, apo chonchi, apo ayi kadzimenyetsa pathanthwe. Manambalawo amachokera pa intaneti: ukaloza dontho pamapu, tsamba lina limakuuza mamita ake. Ndi laulere, koma louma manja. Lili ndi mlingo wa mafunso patsiku. A Mbewe amayamba adyako pantchito yawo, makombo ndiwo anga. Makombo a sabata yonse akwanira ndendende kufika pakhwawa.

Malamulo anga:
– kuyambira pamlatho, kumakwera
– osauza munthu
– osauza munthu!

Lachiwiri

Madontho akuyenda bwino. Ndadutsa mlatho, ndili m'minda ya chinangwa.

A Namakhwa, alonda a paofesi, akundisuzumira paphewa. Ndalongosola pang'ono chabe, mwa ulemu. Iwo: “Nanga kwanga, mayi?” Funso limodzi silingaphe munthu. Tasaka denga lawo pamapu, ndaloza. Nyumba yawo yakwera pang'ono kuposa mlatho, pang'ono kwambiri.

Kenako “Zikomo mayi,” n'kukwera njinga ngati ayiwala poto pamoto.

Lamulo lachiwiri ndi lachitatu zagwa tsiku limodzi.

Lachitatu

Ndikufika kuntchito, pakhonde padzaza njinga! Nkhani yamveka kumsika ndi yakuti paofesi pathu pali kompyuta yolosera amene madzi adzayambe kumutenga.

Woyamba pamzere ndi amalume. “Iwe ndiwe mwana wa mlongo wanga, ungandibisire imfa yanga?” Ndaloza. Ndaloza ndi kwa aneba awo, poti akakamira. Zapezeka kuti chimbudzi cha anebawo chili pamwamba kuposa khonde la amalume. Atuluka akutukwana kompyuta, aneba ndi ine.

Ena amene afunsa lero:
– amayi a mvano awiri, za tchalitchi
– mwini chigayo, za chigayo, osati za nyumba imene mumagona ana ake
– bambo wina wolima mpunga ku Chilwa, amene akudziwa kale kuti amakhala m'madzi. Akuti angofuna kumva m'manambala.

Ndimafuna kuseka, koma sizikutheka. Aliyense akamva nambala yake amatembenuka kuyang'ana phiri. Kuno mitambo ikakuta Michesi sipapezeka wogona tulo tabwino. Ndiwakanize bwanji?

Madontho anga lero: awiri. Ndikadali m'chinangwa.

Lachinayi

Ndamata pepala pachitseko: KOMPYUTA YADWALA. A Namakhwa akuuza anthu kuti si zoona, ayimva ikulira m'katimu.

Ndauma mtima mpaka masana. Ndakaniza mphunzitsi, ndakaniza wogulitsa matemba, ndakaniza amalume amene abweranso kuti tiyeze kachiwiri poti dzulo kunali mitambo. Madontho akukwera! Ndafika poyambira miyala.

Ndiye kwabwera mayi wina wa kuseri kwa phiri, sindikumudziwa. Sanapemphe kanthu. Wangokhala pansi pakhomo. Nditamufunsa, akuti madzi anamutengera ana awiri chaka chomwe chija, ndipo mwana amene anatsala akufuna kumanga. Malo alipo atatu. “Mundisankhire okwera, chemwali. Ine ndinasankhapo kale kamodzi.”

Ndaloza onse atatu. Mapu ake ngosaoneka bwino, ndiye ndalozanso m'mbali mwake kuti ndisamunamize. Wapita atagwira kapepala ka manambala m'manja monse muwiri.

Nditabwerera kunjira yanga, tsamba lija lalemba zofiira. Mwapyola mlingo. Ndadinanso. Ndadinanso kambirimbiri, mwina limva chisoni. Tsopano likuti poti ndavutitsa, latitsekera mpaka Loweruka litatha. Tonse, ndi a Mbewe omwe!

Lachisanu

A Mbewe sanakalipe. Bola akanakalipa. Angovula magalasi n'kunena kuti mwamwayi ntchito yawo anamaliza dzulo m'mawa.

Zomwe ndayesa:
– kulembetsa ndi dzina lina. Latizindikira, kompyuta ndi yomweyo.
– kulemba kalata yopepesa m'Chingerezi chapamwamba. Yayankhidwa nthawi yomweyo, moti n'zoonekeratu kuti palibe munthu waiwerenga. Akuti zikomo, amatikonda.
– kuthamangira kukafe ya intaneti. Magetsi athima basi isanaime n'komwe.

Ndapempha a Mbewe kuti madontho otsalawo tingoyerekeza, phirilo ndakulira pomwepo. Akuti kandege n'kobwereka, ndipo pakhwawa si pongoyerekeza. Kafika pomwe manambala athera, n'kutembenuka. Akunena zoona, n'chifukwa chake zikuwawa.

Kunyumba ndapeza amayi akusita chitenje chawo cha kutchalitchi. Akufunsa ngati kandege kamafuna kuti munthu avale nsapato. Sindinawauze.

Loweruka

Tawanyamula amayi panjinga mpaka pamlatho. Mudzi wonse ulipo, sindikudziwa waitana ndani. Ndikudziwa. A Namakhwa avala jekete.

A Mbewe aponya kandege m'mwamba ndi dzanja. Kanyamuka! Ntchemberezi zalulutira. Amalume akuti kakadzera kwa aneba awo kajambule chimbudzi chija, akufuna umboni.

Kadutsa chinangwa, kakwera, kachepa mpaka kufanana ndi namzeze. Amayi aimirira okha, osagwira munthu. Kafika pamiyala. Ine ndikupemphera kuti mwina kayiwale malangizo.

Sikanayiwale. Katembenuka bwinobwino, mwaulemu, n'kubwerera.

Anthu aomba m'manja. Amayi sanaombe. Angoti, “Kabwerera msanga.”

Lamulungu

A Mbewe anyamuka m'mawa, kandege kali m'bokosi kumbuyo kwa galimoto. Andisiyira chithunzi chomaliza, chosindikiza papepala lalikulu. Ndi anthu abwino. Akuti mwina chaka chamawa, bungwe likadzawaitananso. Tonse tayang'ana kumbali.

Ndadzera kuofesi. Tsamba lija latseguka, mafunso ali tho, likundifunira tsiku labwino. Pakhonde palibe ngakhale njinga imodzi. Ndathimitsa.

Titaweruka kutchalitchi ndayala chithunzicho patebulo. Ndimaganiza zowanamiza amayi kuti ndi pomwepo, miyala ndi miyala. Ndachedwa. Aweramira pepala, chala chikutsata mtsinje. Apa akuti ndi pomwe ankachapira. Apa panali mpoza. Apa Lusiya anagwa ndi ndowa n'kuthyola dzino, analira tsiku lonse, osati chifukwa cha dzino koma ndowa. Aseka. Nanenso ndaseka, mpaka misozi, ndipo sindikudziwa pomwe kuseka kwathera.

Chala chafika kumapeto kwa pepala.

“Takankha pang'ono, mwananga. Kwathu n'kumtundaku.”

Ndawauza kuti lathera pomwepo. Ndawauza zonse: alonda, amalume, mayi wa malo atatu uja. Amvetsera, n'kufunsa ngati mayiyo anapeza malo okwera. Ndati anapeza. Agwedeza mutu.

Chala chija sanachichotse. Achiyendetsa pang'onopang'ono kutuluka papepala, kukwera pathabwa la tebulo, n'kuima.

“Ndiye Lusiya ali apa,” atero.

Tiyi wazizira. Tebulo sindinapukute.