Chitseko Chobiriwira cha a Ozella

A Ozella Pettiford, akulu anga bere limodzi, anakhala zaka makumi atatu osayankha munthu amene sanagogode. Ankayenda ndi chitseko chawo mumsewu, chobiriwira, cha nambala 418, chitaimikidwa ndi felemu yake pa timateyala ta chikuku cha mwana. Ukafuna kuwapatsa moni, uzungulire kutsogolo, ugogode. Akati "Ndani?" utchule dzina, kenaka muzicheza kudzera pa kabowo koponyera makalata. Ukalankhulira chammbali, ngakhale uwauze kuti siketi yawo yagwira moto, unkangotaya malovu ako.

Ndikulemba izi chifukwa mdzukulu wanga wawapeza m'buku la kukoleji. Bukulo lanena zambiri za chitseko, koma za Verlene, mwana wawo mmodzi yekhayo, mulibe ngakhale mzere umodzi.

Zinayamba mu 1966, pamene nyumba zonse za mumsewu wa Tallow, kwathu kuno ku Ohio, zinagumulidwa kuti padutse msewu waukulu. Zigalimoto zogumula zili pabwalo, a Ozella anazula chitseko cha nyumba yawo chili chokhoma. Kiyi anasowa m'chipwirikiti cha tsikulo, ndiye chitsekocho sichinkatseguka. Verlene anali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Anangoima potero atakumbatira mphaka.

Sabata isanathe wapolisi anaimitsa a Ozella pamsika.

"Amayi, mukutseka njira."

Zii.

"Amayi, ndikulankhula ndi inu!"

"Gogodani, bwana!" anthu anakuwa. Bwanayo anagogoda ndi ndodo yake, khutu lili psuu.

"Ndani?"

"Apolisi."

"Eni ake achokapo," anatero a Ozella, nakankha chitseko nkumapita.

Anawatengerabe kukhoti, koma kumeneko woweruza anachita kutsika pampando kudzagogoda kuti amve dzina lawo. Mlandu unathera pomwepo.

Kenaka kunabwera anthu a ku New York, andevu zawo ndi makamera. Ankati ili ndi luso latsopano, lopanda utoto, loti munthu mwiniyo ndiye chithunzi. Mmodzi anagogoda, nafunsa tanthauzo la chitsekocho.

"Ili ndi thabwa chabe, mwanawe," anayankha akulu anga. "Chimene ndapanga ine ndi iweyo. Unabwera kudzandionera ngati nyani, taona tsopano waima mwaulemu, chipewa m'manja. Amene anagwetsa nyumba yanga sanagogode. Ndiye dziko lonse lizigogoda m'malo mwawo."

Anawaitana m'mizinda ikuluikulu, chitseko chikukwera sitima. Ife tinanyada, ndipo mpaka lero aliyense wonena kuti anali amisala akumana ndi ine.

Koma kunyada kwathu amene analipira ndi Verlene. Kusukulu anzake ankamugogoda pamsana, "Ndani? Ndani?" mpaka kumufikitsa pakhomo. M'nyumba zosanjikizana mmene anatisamutsira, chitsekocho chinkaima pakati pa balaza, ndipo lamulo linali lomwelo. Tsiku lina mwanayo anatentha thupi.

"Amayi, mutu ukundipweteka."

A Ozella anamugoneka, anamupukuta ndi kansalu konyowa, anamumwetsa mankhwala ndi supuni. Pakamwa pokha osatsegula.

"Amayi, tangonenani kanthu."

Iwo analoza chitseko.

Atachira anabwera kwa ine, maso ali gwa. "Amayi aang'ono, ine ndinabadwira kuseri kwa chitseko chimenechija. Ndigogode ngati wogulitsa sopo? Ndife kaye."

Nonse mukudziwa magazi a kwathu. Amayi sanagonje, mwana sanagonje, ndipo wovutika ndinali ine wapakati. Go go go. "Ndani?" "Ndine Idella. Verlene akuti nsapato zathina." "Umuuze kuti Loweruka." Go go go. "Verlene akuti wapeza mwamuna." "Umuuze kuti mwamunayo ali ndi makutu ngati mbale." Zala zangazi zinapindika ndi ntchito imeneyo, madokotala amangonamizira nyamakazi.

Paukwati a Ozella anafika chitseko atachimanga maliboni oyera. Abusa anagogoda, mkwati wamakutu uja anagogoda, mkwatibwi anadutsa ngati akudutsa mtengo. Ana a Verlene atabadwa ankagogoda tsiku lonse, masiwiti akutuluka pa kabowo. Verlene ankamva mawu a amayi ake akupita kwa aliyense, kwa ana, kwa wopereka makalata, ngakhale kwa chidakwa cha pakona. Kwa iye yekha ayi.

Mu 1996 akulu anga anagonekedwa m'chipatala ndi khansa. Chitseko anachiimika pambali pa bedi, anamwino nkumagogoda asanabaye jakisoni. Ndinapita kwa Verlene.

"Iwe, adokotala akuti amako sabata ino saimaliza."

"Andiitane okha."

"Ukuwadziwa amako."

"Inunso mukundidziwa."

Komabe Lachitatu masana anabwera. Anaima kutsogolo kwa chitsekocho, mayi wa zaka makumi anayi ndi ziwiri, imvi zitayamba. Utoto unali utasupuka pamalo pamene dziko lonse linkagogodapo. Ankamva kupuma kwa amayi ake kuseri, kokoka ngati macheka. Anakweza dzanja ngati agogode. Koma dzanjalo linapita pakhosi pake, natulutsa kachingwe kakuda ndi thukuta. Kumapeto kwake kunali kiyi. Ndi yemwe ankavala popita kusukulu kale ku Tallow. Zaka zonsezi anali naye, osauza munthu.

Loko anali ndi dzimbiri. Analimbana naye ndi manja awiri, mpaka chitseko chinalira kweee, nkutseguka. Verlene analowa.

A Ozella anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Unali kuti, iwe? Anzako anaweruka kalekale. Pukuta mapazi."

Verlene anapukuta mapazi pansi poti mbee pa chipatala, nakhala pabedi. Anadikira mawu ena. Sanabwere. Amayi ake anagona atagwira kachingwe kaja, ndipo Lachisanu anatisiya. Zaka makumi atatu, mwana wa akulu anga anapatsidwa mawu okwana mpweya umodzi. Sindinathe kudziwa woti ndimukalipire, ndipo ine sindisowa womukalipira.

Chitseko chili m'nyumba yosungiramo zaluso ku New York, kuseri kwa chingwe chofiira, ndi chikwangwani choti osakhudza. Mdzukulu wanga anayesa kugogoda, mlonda anamutulutsa.

Kuno pamsika anthu amangolankhulana chammbali, osayang'anana, ndipo palibe amene amafunsa mnzake kuti ndani. Ine ndikamva timateyala tikulira kumbuyo, dzanja limadzikunga lokha, ndikatembenuka ndi mayi chabe ndi khanda lake. Pamene panali nyumba ya nambala 418 pano pamadutsa magalimoto.

A ku New York analemba kalata katatu kupempha kiyi, ati ntchito ya a Ozella ikhale yathunthu. Verlene anawayankha kuti anasowa mu 1966.